Bokosi la Mazarin Lomwe Linasanduka Poikapo TV

Aphunzitsi anzanga ndi inu nonse amene munadutsa m'manja mwanga, lero ndikufuna ndiyankhe funso lomwe ophunzira amandifunsa chaka ndi chaka: kodi mbiri yakale ili ndi phindu lanji? Yankho langa ndi nkhani ya bokosi lina la ku Japan.

Amisiri a ku Japan amapaka mabokosi amatabwa utomoni wotchedwa urushi. Mtengo wake umayamba kukula zaka zoposa 10, kenaka n'kutulutsa utomoni wokwana magalamu 200 okha. Utomoniwu ukakhudza khungu uli wauwisi umayabwa koopsa, ndipo chodabwitsa n'chakuti suuma padzuwa, umalimba pamalo a chinyontho. Mmisiri amapaka, kudikira, kupalapala, n'kupakanso kambirimbiri. Pomaliza amajambula zithunzi n'kuwazapo fumbi la golide utomoni usanaume. Luso limeneli amalitcha maki-e.

Apwitikizi atafika ku Japan mu 1543, mabokosiwa anayamba kupita ku Ulaya, ndipo pambuyo pake malondawa anagwa m'manja mwa Adatchi. Cha m'ma 1640 amisiri a ku Kyoto anapanga mabokosi akuluakulu okhala ndi zithunzi za m'buku la Genji. Mu 1658 Kadinala Mazarin, nduna yaikulu ya France, anagulako awiri. Patapita zaka, onse awiri anakhala a William Beckford wa ku England, ndipo mu 1882 anagulitsidwa pa okushoni ya katundu wa ku Hamilton Palace. Laling'ono linapita ku nyumba yosungirako zinthu zakale yomwe lero ndi Victoria and Albert ku London. Lalikulu linapitirira kwa anthu ena mpaka 1941 pamene mwini wake anamwalira nkhondo ili mkati. Kuchoka apo linasowa.

Akatswiri analifunafuna kwa zaka zambiri osadziwa kuti linali m'nyumba ina ku South Kensington, pafupi ndi Victoria and Albert pomwepo. Mu 1970 injiniya wina wa ku France analigula pa mapaundi 100 okha. Ankaikapo TV, ndipo atabwerera kwawo ankasungiramo mabotolo a mowa. Iye atamwalira, banja lake linaitana ogulitsa katundu, omwe analizindikira. Mu 2013, ku Cheverny, nyumba ya Rijksmuseum ya ku Amsterdam inaligula pa mayuro 7.3 miliyoni.

Taganizirani bwino. Golide anali yemweyo mu 1970 ndi mu 2013, utomoni unali womwewo. Chomwe chinatayika mu 1941 ndi chikumbukiro cha komwe bokosilo linachokera ndi manja omwe linadutsamo. N'chifukwa chake osonkhanitsa mabokosiwa amasamala makalata ndi malisiti akale ngati mmene amasamalira bokosi lenilenilo.

Tsono wophunzira akadzandifunsanso funso lija, ndidzamufunsa kuti: iwe ukanakhala m'nyumba muja, ukanaona chiyani pansi pa TV?