Kachizindikiro ka pa m'bale kanachokera kutali

Sabata yatha kasitomala wina ananditumizira uthenga pa WhatsApp: "mbale wanga abwera mumpase mbale 6." Ndinawerenga katatu ndisanamve kuti woyambayo ndi munthu, zachiwirizo n'zodyeramo. Kachizindikiro kamodzi kokha kakanandipulumutsa: m'bale, mbale. Chimodzimodzinso ng'oma yoimba ija. Mukachotsa kachizindikiroko yasanduka ngoma, nyama ya m'tchire.

Timayesa zinthu zimenezi zinangodzimerera ngati bonongwe, koma ayi ndithu, alipo anazikhalira pansi. M'chaka cha 1892, David Clement Scott wa mishoni ya Blantyre anatulutsa dikishonale ya Chimang'anja. Vuto linali lakuti mishoni iliyonse inkalemba mwa iyo yokha, a ku Blantyre mwina, a ku Mvera mwinanso. Mu 1900 anagwirizana zomasulira Baibulo limodzi loti onse azimva. William Murray ndi anzake, pamodzi ndi aphunzitsi achikuda amene mayina awo satchulidwa kawirikawiri, analimbana nalo mpaka Buku Lopatulika linatuluka mu 1922. Tangoganizani, zaka zoposa 20 kusankha mawu, kufufuta, kulembanso! Ife uthenga wa mizere iwiri timaulephera kuubwereza.

Mu 1968, msonkhano wa chipani cha MCP unasintha dzina la Chinyanja kukhala Chichewa n'kuchipanga chiyankhulo cha dziko. Bungwe la Chichewa Board linabadwa mu 1972, ndipo malamulo a kalembedwe anatuluka mu 1973, n'kukonzedwanso mu 1980 ndi 1990. Sindinganame, munali ndale zambiri m'menemo. Kamuzu ankafuna Chichewa chake cha ku Kasungu, ndipo ziyankhulo zina monga Chitumbuka zinachotsedwa pa wailesi ndi m'sukulu. Chimenecho chinali cholakwika. Koma malamulowo anathandiza kuti mwana wa ku Nsanje ndi wa ku Mchinji aziwerenga buku limodzi osasokonezeka. Bungwelo litatha, ntchito inapita ku Centre for Language Studies ku Zomba mu 1996.

Kale cholembedwa chinkadutsa m'manja mwa mkonzi chisanafike kwa anthu. Lero pakati pa chala changa ndi wowerenga palibe aliyense, foni nayonso imangosintha mawu athu kukhala Chingerezi chosadziwika mutu wake. Kumsika kuno zimenezi zimadya ndalama. Mnzanga wogulitsa nyemba analembera womuoda katundu kuti "musatumize", chala chinadumpha "sa", ndipo matumba atatu anafika m'mawa mwake. Ngongoleyo akubwezabe.