Gitala ya bokosi itatsala pang'ono kusowa mawu

Ine gitala ndinaidziwira ku Malawi, kumsasa wa othawa nkhondo. Tinkamvera nyimbo za Daniel Kachamba ndi Allan Namoko pa MBC, ife n'kumayeserera pa banjo ya chigubu, nsambo zake za waya wa buleki.

Nkhondo itatha mu 1992 tinabwerera ku Chimadzi, koma zinthu zinatembenuka. Paukwati masipika ali phokoso lokhalokha, gitala ya bokosi osamveka n'komwe. Ukaisendezera maikolofoni pabowo, sipika n'kulira tswii, anthu n'kutseka makutu!

Chinatipulumutsa ndi pickup, kachipangizo kokhala pansi pa nsambo, kotola kunjenjemera kwake n'kutumiza ku ampulifaya. Lero achinyamata akugula gitala yoikiratu kale. Komabe magetsi a Cahora Bassa akathima, anthu amasendera pafupi nane.