Za Mipeni ya Ulemu ya Apolisi a ku Germany

Abale, m'maiko a Azungu alipo anthu amene akonda kusonkhanitsa mipeni yakale ya apolisi a ku Germany, naigula ndi ndalama zambiri, naisunga m'nyumba zao. Ndiyo ya mtundu uja asilikari amasomeka kunsonga kwa mfuti. Koma iyi inali ya ulemu, yobvala m'chuuno, ndipo yambiri inalibe ndi posomekera pomwe.

Anaisula amisiri a mudzi wa Solingen, wochuka ndi zosulasula kuyambira kale lomwe. Chigwiriro chache chinali cha nyanga ya nswala, pamwamba pache mutu wa chiombankhanga, ndi chimake cha chikopa. Tibvomere, ntchitoyo inali yokoma m'maso.

Adolf Hitler analowa ulamuliro m'chaka cha 1933, ndipo mu 1936 apolisi onse a dzikolo anaikidwa m'dzanja la Heinrich Himmler. Mipeni yakale sanaitaye ai. Anaifupikitsa, nachotsa chizindikiro chakale, naikapo chiombankhanga chogwira mtanda wopindika nsonga, dzina lache swastika. Osonkhanitsa aja amafunafuna zipsera za ntchito imeneyi, pakuti mwa izo azindikira mbiri ya mpeni uliwonse.

Koma ife tifuna kunena za apolisi eni ache. Pa 13 July 1942 gulu lao lina, lochedwa Reserve Police Battalion 101, linafika ku Józefów m'dziko la Poland. Anali amuna ngati 500 ochokera ku Hamburg, ambiri akuluakulu a mabanja, antchito a padooko ndi alembi, osati anyamata opulukira. Mkulu wao, Wilhelm Trapp, anawauza ndi misozi kuti alamulidwa kupha Ayuda a m'mudzimo, nalola kuti wamkulu msinkhu wosakhoza ntchitoyo apatuke. Anapatuka khumi ndi awiri kapena kuposerapo pang'ono. Otsalawo anatengera anthu kunkhalango, akazi, ana ndi okalamba, nawagoneka chafufumimba. Ndipo anaphunzitsidwa kuloza nsonga ya mpeni wa pamfuti kukhosi kwa munthu, kuti chipolopolo chisaphonye. Pofika usiku anafa anthu ngati 1,500.

Trapp anaweruzidwa ku Poland, naphedwa mu 1948. Lero lamulo la Germany likaniza kuonetsa swastika poyera. Chifukwa chache wogulitsa mipeniyi kumeneko amamata kapepala pa chizindikirocho asanaiyale pamsika.