Defrag: kusanja mafayilo pa hadi disiki ya kompyuta

Defrag ndi ntchito yosonkhanitsa zidutswa za mafayilo zimene zamwazikana pa hadi disiki, kuti fayilo iliyonse ikhale pamalo amodzi. M'kati mwa hadi disiki muli timbale timene nthawi zambiri timazungulira ka 5,400 kapena ka 7,200 pa mphindi imodzi, ndipo pamwamba pake pamayenda kamutu kowerenga ndi kulemba. Munthu akamafufuta mafayilo n'kuikapo ena, pamatsala mipata apa ndi apo. Fayilo yatsopano ikakula kuposa mpata umene ulipo, imadulidwa n'kuikidwa m'mipata ingapo. Poitsegula, kamutu kaja kamathamangira uku ndi uku kutolera zidutswazo, kompyuta n'kumachedwa.

M'boma la Rumphi, vutoli limagwera kwambiri makompyuta a obena nyimbo ndi mafilimu, monga a pa Boma ndi pa Bolero. Kompyuta yotere imagwira ntchito imodzimodzi tsiku lonse: filimu yalowa, ina yafufutidwa, nyimbo zapita pa memori khadi ya kasitomala. Ambiri mwa makinawa ndi akale, ndipo disiki yake imakhala yodzaza mpaka kamzere kosonyeza malo otsala kamafiira.

Nanga ntchitoyi imatenga nthawi yaitali bwanji? Kampani ya Microsoft imati imatenga mphindi zingapo mpaka maola angapo, malinga ndi kukula kwa disiki komanso kuchuluka kwa zidutswa. Yankholi ndi loona, koma lasiya chinthu chimene chimachedwetsa kwambiri, chomwe ndi kusowa kwa malo. Zili ngati kusanja mabelo a fodya m'shedi yodzaza mpaka pakhomo: kuti usunthe belo limodzi, uyambe wapeza poika linzake. N'chifukwa chake Windows XP inkafuna kuti 15 peresenti ya disiki ikhale yopanda kanthu kuti ntchito itheke bwino. Disiki ya 500 GB yodzaza theka, yosanjidwa kawirikawiri, ikhoza kutha munthu asanamalize kudya nsima. Disiki yomweyo ikadzaza n'kukhala chaka osasanjidwa, ikhoza kugonera. Wanzeru amayamba wafufuta mafilimu amene palibenso akuwafunsa, kenako n'kudina Analyze mu pulogalamu ya Defrag kuti aone kuchuluka kwa zidutswa. Malangizo a Windows 7 amati zidutswa zikapitirira 10 peresenti, m'pamene disiki ikufunika kusanja.

Pulogalamu ya Defrag inalowa mu MS-DOS 6 m'chaka cha 1993, ndipo kwa zaka zambiri mwini kompyuta ankaiyambitsa yekha. Kuyambira pa Windows Vista, imene inafika pamsika mu 2007, kompyuta imadzisanja yokha sabata iliyonse. Windows 7 inasankha Lachitatu 1 koloko usiku, ola limene shopu ya obena imakhala yokiya, kompyuta ili yozima. Zikatero ntchitoyo imadikira mpata wina pamene makina ayaka koma palibe akuwagwira, mpata umene kwa obena umasowa. Kuyambira pa Windows 8 ya 2012, pulogalamuyi imatchedwa Optimize Drives.

Nkhani ya magetsi ndi yosapeweka. Defrag ikhoza kuimitsidwa pakati podina Stop, osaononga fayilo iliyonse, ndipo zimene yasanja kale zimakhala zosanjika. Choopsa ndi kuzima mwadzidzidzi kwa magetsi a ESCOM, kapena kutha kwa batire ya sola, disiki ili m'kati molemba. Laputopu ya batire yamoyo imapulumuka. Desikitopu yopanda UPS, chipangizo chosunga magetsi, imazima pomwepo. Wodalira sola ayambe ntchitoyi m'mawa dzuwa likamakwera, osati madzulo.

Madisiki a mtundu wa SSD safuna zonsezi, poti mulibe timbale kapena kamutu, ndipo kuwasanja mobwerezabwereza kumangowakalambitsa. Windows yamakono imawazindikira yokha n'kuwachitira ntchito ina yotchedwa TRIM. Mafulashi ndi mamemori khadi nawonso asiyeni.

Defrag sichotsa vayirasi, siwonjezera RAM, ndiponso sichiritsa disiki yodwala. Hadi disiki yanu ikayamba kulira kuti thethethe kapena kumaima pakati pokopa fayilo, musaisanje. Koperani kaye mafayilo anu pa disiki ina, chifukwa kusanja kukhoza kuimaliza.