Harold Washington: kuchoka ku Springfield kufika pa mpando wa umeya

Adzukulu anga, khalani pansi ndikuuzeni za Harold Washington, munthu wakuda woyamba kukhala meya wa Chicago.

Anabadwa mu 1922 n'kukulira kummwera kwa mzindawo, komwe anthu akuda ankakhala mothithikana. Bambo ake, a Roy Washington, anali loya komanso mlaliki, ndipo ankayenda khomo ndi khomo kusakira mavoti chipani cha Democratic. Mwanayo anakula akuona zimenezi. Atabwera ku nkhondo yachiwiri ya dziko lonse anaphunzira zamalamulo ku Northwestern, kenako n'kuyamba kugwira ntchito pansi pa Ralph Metcalfe, yemwe kale anali katswiri wothamanga.

Masiku amenewo Chicago yense anali m'manja mwa meya Richard J. Daley. Ukafuna ntchito ya kukhonsolo, ngakhale yosesa msewu, unkayamba wabweretsa mavoti. Tisabise, Washington naye anadyera m'mbale yomweyo. Anthu a Daley ndi amene anam'tumiza ku Springfield, ku nyumba ya malamulo ya Illinois, mu 1965. Koma atafika kumeneko anayamba kukana kukokedwa ndi chingwe. Ndiye anatsogolera lamulo la mu 1973 lomwe linachititsa Illinois kukhala chigawo choyamba kupatula tsiku lokumbukira Martin Luther King. Analinso ndi chilema chake: anagonapo m'ndende masabata angapo chifukwa chosapereka mafomu a msonkho, ndipo adani ake sanaiwale. Mu 1977 analowa mu seneti ya chigawocho, nayesa umeya chaka chomwecho, koma anagwa chagada. Mu 1981 anapita ku Congress.

Pano ndiye pagona nkhani. Mu 1982 anthu atam'pempha kuti aimenso pa umeya, iye anawauza kuti ayambe alembetsa ovota atsopano. Anthu anayala matebulo pa makomo a matchalitchi ndi pa maofesi omwe osowa ntchito ankafola pamzere. Analembetsa oposa 100,000. Mu 1983 anagonjetsa meya Jane Byrne ndi mwana wa Daley m'chisankho chachipulula, ndipo pa 12 Epulo anagonjetsanso Bernard Epton wa chipani china ndi mavoti ochepa chabe, poti azungu ambiri a chipani chake chomwe anathawira kwa mdani.

Ulamuliro sunam'komere msanga. Mwa makhansala 50, okwana 29 motsogozedwa ndi Edward Vrdolyak anam'tsekera njira kwa zaka zitatu, ngakhale anthu amene iye anawasankha pa maudindo ankawakana. Zinasintha mu 1986 khoti litalamula zisankho zapadera: mbali zonse zinakhala ndi 25, voti yothetsa mkangano n'kukhala ya meya.

Anam'sankhanso mu 1987, koma pa 25 Novembala chaka chomwecho anagwa pa desiki yake mu ofesi, mtima utaima, ali ndi zaka 65. Laibulale yaikulu ya Chicago, yomwe anaitsegula mu 1991 pa State Street, imatchedwa ndi dzina lake.