Agalu a ku Kigali

Pa 11 Epulo 1994, asilikali a ku Belgium amene ankasungitsa mtendere m'dzina la United Nations adakwera magalimoto awo n'kuchoka pasukulu ya École Technique Officielle mumzinda wa Kigali. Adasiya anthu oposa 2,000, ambiri a iwo Atutsi, amene adathawira pasukulu ya ansembeyo pokhulupirira kuti pamishoni chikwanje sichifikapo. Ambiri adaphedwa tsiku lomwelo. Patangopita milungu isanu, pa 17 Meyi, kuno kwathu makolo adali pamizere kuponya voti, ife ana tili kalikiliki kuimba nyimbo za matipate. Za ku Rwanda zinkangodutsa pa wailesi ngati mphepo.

Nkhani ya sukuluyi ndidadzaiona mu filimu ya Shooting Dogs, yomwe idatuluka mu 2005. Ndidaonera m'kanyumba ka vidiyo kwathu ku Ludzi, momwe anyamata adazolowera kukuwiza akatswiri a karate. Tsiku limenelo mudali zii. Dzina la filimuyi likuchokera apa: asilikali aja ankafuna kuwombera agalu amene ankadya mitembo kunja kwa mpanda, koma opha anthuwo ankangowayang'ana, ati malamulo awo sankawalola. Penapake bambo wina akupempha mkulu wa asilikali kuti asanachoke awawombere okha, kapena ana okhawo, poti chipolopolo n'chachifundo kuposa chikwanje. Mayi amene adakhala kutsogolo kwanga adafunda chitenje kumutu, osafundukulanso.

Magazi si amene adandisowetsa tulo. Chidandisautsa n'chakuti malowo ndinkawadziwa ngakhale sindidapondeko: njerwa zootcha, dothi lofiira, kwaya, wansembe wokalamba amene John Hurt adasewera. Ludzi weniweni! Ndipo wakupha wina adali wantchito wa pasukulu pomwepo, munthu wansangala, woti mukadadya naye nsima mbale imodzi.

Amalawi timakonda kunena kuti zoterozo n'za eni ake, ife ndife anthu a mtendere. Mayi anga sankavomera msanga mawu amenewa. Boma lidaletsa a Mboni za Yehova mu 1967 chifukwa chokana kugula khadi la chipani, ndipo msonkhano waukulu wa chipanicho wa mu Seputembala 1972 udagamula kuti achotsedwe ntchito ndi kupirikitsidwa m'midzi. Nyumba zidatenthedwa, anthu adamenyedwa, amayi adagwiriridwa, ena adaphedwa. Ochita izi sadachokere kutali. Adali achinyamata a Youth League ndi apayoniya, ana a m'midzi momwemo. Anthu pafupifupi 20,000 adathawira ku msasa wa Sinda Misale ku Zambia, ndipo ambiri adadzera m'boma lathu lino la Mchinji. Mayi ankakumbukira mizere ya anthu atasenza mphasa ndi mapoto, ndi momwe ena ankatsekera zitseko poopa kuti kapu ya madzi ingawaike m'mavuto.

Sindikufananitsa ziwerengero. Ku Rwanda kudafa anthu pafupifupi 800,000 m'masiku 100, ndipo zathu sizidafike pamenepo. Koma chiyambi chake ndimachiona chimodzi: akuluakulu kuloza chala gulu lina, mnansi n'kunola chida, ena tonse n'kuyang'ana kumbali. Chiletso chija chidachotsedwa mu 1993, koma kusukulu sitidaphunzitsidwe kanthu za Sinda Misale.

Kumapeto kwa filimuyi amaonetsa nkhope za Anyarwanda amene adathandiza kuijambula, aliyense ndi chiwerengero cha abale ake ophedwa. Ena mwa othawa m'dziko limenelo adafikira ku Dzaleka m'boma la Dowa, msasa womwe udatsegulidwa mu 1994. Malowo kale adali ndende ya andale, ndipo a Mboni zikwizikwi adatsekeredwa momwemo m'zaka za m'ma 1970.