Jack Kirby: mmisiri amene ngwazi zake zinadzaza mafilimu

Jack Kirby (1917–1994) anali mmisiri wa ku America wojambula nthano za m'zithunzi, zomwe kuno ambiri amangoti makatuni. Iye ndi mmodzi mwa anthu amene anayambitsa ngwazi zambiri zomwe lero zimaoneka m'mafilimu a kampani ya Marvel: Captain America, Hulk, Thor, X-Men, Fantastic Four, Avengers ndi Black Panther.

Ku Ndirande, Bangwe, Chilomoni, Zingwangwa ndi Machinjiri mayina amenewa ndi odziwika ngakhale kwa ana a sukulu za pulaimale. Amawaonera m'tinyumba toonetsera mafilimu kapena pafoni, nthawi zambiri atawamasulira m'Chichewa, ndipo amawavala pa malaya ndi zikwama za pa kaunjika. Koma amene amadziwa dzina la wojambula wake ndi ochepa. Odziwako pang'ono amatchula Stan Lee, mkulu wa magalasi ndi ndevu za pamlomo uja amene ankatulukira kwa kamphindi m'mafilimu ambiri a Marvel. Kusiyana kumeneku kuli ndi mbiri yake. Kirby anadandaula nako mpaka tsiku la imfa yake, ndipo ana ake anakafika nako pakhomo pa bwalo lalikulu la milandu la dziko la America.

Chiyambi chake

Anabadwa pa 28 Ogasiti 1917 mumzinda wa New York, ndipo dzina lake lenileni linali Jacob Kurtzberg. Makolo ake anali Ayuda ochokera ku Austria, bambo ake ankagwira ntchito m'fakitale yosoka zovala. Dera limene anakulira, Lower East Side, linali la anthu osauka, nyumba zothithikana, ndipo ndewu za magulu a anyamata zinali za tsiku ndi tsiku. Kujambula anadziphunzitsa yekha poonera zithunzi za m'nyuzipepala.

Ali mnyamata anagwirako ntchito ku kampani yopanga makatuni oyenda ya Fleischer, kenaka anakumana ndi Joe Simon. Awiriwa ndiwo anapanga Captain America. Pachikuto cha buku loyamba, la Malichi 1941, ngwaziyo ikumenya Adolf Hitler chibakera pachibwano, pomwe dziko la America linali lisanalowe m'nkhondo yachiwiri ya padziko lonse. Kirby mwini wake anakamenya nawo nkhondoyo ku France m'chaka cha 1944, ndipo anabwerako miyendo itavulala ndi chisanu.

Mmene ankagwirira ntchito ndi Stan Lee

Gwero la mkangano wonse ndi njira imene mabuku a Marvel ankapangidwira kuyambira mu 1961, pomwe Fantastic Four inatuluka. Lee anali mkonzi komanso mlembi wa mabuku ambiri nthawi imodzi, choncho sankalemba nthano yonse. Ankakambirana ndi wojambula mutu wa nkhani, mwina m'mawu ochepa chabe. Wojambulayo ankapita kunyumba kukakonza yekha mmene nthano iyambire, anthu atsopano amene alowemo, ndi mmene ithere, n'kujambula masamba onse. Kirby ankalembanso m'mphepete mwa tsamba zimene zikuchitika pachithunzi chilichonse. Pomaliza Lee ankaika mawu m'kamwa mwa anthuwo. M'bukumo ankasindikiza kuti mlembi ndi Lee, Kirby ndi wojambula basi.

Chitsanzo chodziwika ndi cha Silver Surfer, munthu wonyezimira ngati siliva amene amauluka pa thabwa. Lee mwini anavomera kangapo kuti m'zokambirana zawo munalibe munthu wotere. Anangomupeza pamasamba amene Kirby anabweretsa. Kirby anaganiza kuti chimphona chodya maiko ngati Galactus sichingayende chopanda mthenga wotsogola.

Malipiro ake anali a pa tsamba. Akalandira, ufulu wonse wa chithunzi ndi wa ngwaziyo unali wa kampani. M'chaka cha 1966 zithunzi zake zenizeni zinatengedwa m'mabuku n'kuyendetsedwa pang'ono kuti zikhale makatuni a pa wailesi ya kanema, iye osalandirapo kanthu. Mu 1970 anachoka n'kupita ku kampani yopikisana nayo ya DC, komwe anapanga Darkseid ndi milungu yatsopano ya New Gods. Kumeneko anajambulanso munthu wina wapakamwa, wokonda kudyerera anzake, dzina lake Funky Flashman, ndipo owerenga sanavutike kuzindikira amene ankanenedwa.

Maganizo ake

Kirby sanaone filimu ngakhale imodzi mwa mafilimu akuluakulu a Marvel a masiku ano. Anamwalira pa 6 Febuluwale 1994 ku Thousand Oaks, m'chigawo cha California, patatsala zaka 6 kuti X-Men ituluke. Komabe ankakhulupirira kuti tsiku limenelo lidzafika. Mark Evanier, amene anali womuthandiza ndipo pambuyo pake analemba mbiri ya moyo wake, wafotokoza kuti Kirby ankanena kuti opanga mafilimu a ku Hollywood adzayamba kubwera ku msonkhano wa okonda makatuni wa ku San Diego kudzafuna nthano zoti ajambule. Pa nthawiyo msonkhanowo unali wa anthu mazana ochepa. Lero ndi kumene makampani aakulu amalengezera mafilimu awo.

Ngwazi zake sankaziona ngati zoseweretsa ana. Ankati zimachokera m'moyo umene anauona. Ben Grimm wa mu Fantastic Four, munthu wa thupi la miyala, waukali koma wachifundo, wokulira m'makwalala a anthu osauka, ankati ndi iye mwini. Pocheza ndi magazini ya The Comics Journal, zomwe zinasindikizidwa mu 1990, anati ganizo la Hulk linamufikira ataona mayi akutukula galimoto kuti apulumutse mwana wake, kusonyeza kuti munthu aliyense akapanikizika amapeza mphamvu zomwe sankadziwa kuti ali nazo.

M'macheza omwewo anakana kwamtuwagalu kuti Lee analembapo nthano zimene iye ankajambula. Apa mkwiyo unamupitirira. Ofufuza mbiri ambiri amavomereza kuti nthano ndi maonekedwe zinali za Kirby kwambiri, koma mawu anthabwala ndi luso lokopa owerenga zinali za Lee, ndipo mabuku amene Kirby analemba yekha sanagulidwe ngati amene anapanga awiriwa. Chomwe sichitsutsika n'chakuti mmodzi anatchuka ndi kulemera, winayo anakalamba akudera nkhawa za ndalama za kuchipatala. Mpumulo anaupeza cha m'ma 1980 atayamba kujambulira makampani a makatuni a pa kanema, monga pa Thundarr the Barbarian.

Nkhondo ina inali ya mapepala ake. Marvel inkasunga masamba enieni amene iye anajambula ndi dzanja, ndipo inafuna kuti asayine chikalata chokana ufulu wake wonse asanawalandire. Kirby anakana, amisiri anzake anamuikira kumbuyo, ndipo mu 1987 anabwezeredwa masamba pafupifupi 2,000, gawo laling'ono la onse amene anajambulira kampaniyo.

Black Panther

Kwa oonera a ku Malawi, ntchito ya Kirby imene inafika pamtima ndi Black Panther. T'Challa, mfumu ya dziko longopeka la Wakanda, anaonekera koyamba mu Fantastic Four nambala 52, ya Julayi 1966, mwezi womwewo umene Malawi anakhala lipabuliki. Gulu la ndale la Black Panther Party la ku America linakhazikitsidwa pambuyo pake, mu Okutobala chaka chomwecho. Pachithunzi choyambirira Kirby anamutcha Coal Tiger ndipo nkhope yake inali yosaphimba. Iye anafotokoza kuti anazindikira kuti ali ndi owerenga ambiri akuda pomwe m'nthano zake munalibe munthu wakuda.

Panthawi imene mabuku ndi mafilimu a azungu ankaonetsa Africa ngati thengo lodikira mpulumutsi wochokera kunja, Kirby anajambula dziko la mu Africa losalamulidwapo ndi atsamunda, lokhala ndi makina oposa a maiko onse, ndi mfumu yophunzira imene ikugonjetsa ngwazi za ku America pa maso pa owerenga. Sikuti zonse zinali bwino: zovala ndi miyambo imene anajambula zinali zongoganizira za munthu amene ankaidziwa Africa kudzera m'mabuku. Filimu ya 2018, yotsogoleredwa ndi Ryan Coogler, inasunga maziko a Kirby koma inakonza mbali imeneyi. Anthu a ku Wakanda anayankhula Chixhosa, ena anafunda mabulangete a ku Lesotho, ndipo Ruth E. Carter analandira mphoto ya Oscar chifukwa cha zovalazo. Mbali zina, monga asilikali aakazi a Dora Milaje ndi mdani Killmonger, zinachokera kwa alembi ndi ojambula ena amene anabwera pambuyo pa Kirby.

Filimuyo inapeza ndalama zoposa $1.3 biliyoni. M'gulu la akuluakulu a bwalo la mfumu munali Connie Chiume, katswiri wa zisudzo wa ku South Africa amene bambo ake anali Mmalawi wa ku Usisya m'boma la Nkhata Bay. Mayi Chiume anaonekeranso mu Black Panther: Wakanda Forever mu 2022, ndipo anamwalira mu Ogasiti 2024.

Dzanja lake pa kanema

Wojambula wina aliyense wa nthawi yake ankatha kujambula anthu akumenyana, koma Kirby ankajambula chibakera ngati chikutuluka m'tsamba kudzagunda wowerenga. Anthu ake saima chilili. Amadumpha, amagwa, amapindika. Ankakonda makina aakulu odzaza tsamba lonse, zipewa za nyanga, ndi timadontho takuda tosonyeza mphamvu ikuthetheka, tomwe mpaka lero timatchedwa ndi dzina lake. Taika Waititi, amene anatsogolera Thor: Ragnarok mu 2017, ananena poyera kuti makoma, zovala ndi mitundu yowala ya m'filimuyo anazitengera ku zithunzi za Kirby. Eternals ya 2021 inachokera m'buku limene Kirby analemba ndi kujambula yekha mu 1976, ngakhale opanga filimuyo anazimitsa mitundu yake yowala ija, ndipo ambiri sanaikonde. Spider-Man, amene ana ambiri amamuika m'gulu lomweli, ndi ntchito ya Lee ndi wojambula wina, Steve Ditko.

Mlandu wa ana ake

Mu 2009 kampani ya Disney inagula Marvel pa mtengo wa pafupifupi $4 biliyoni. Chaka chomwecho ana anayi a Kirby analemba zikalata zofuna kutenganso ufulu wa ngwazi zimene bambo awo anapanga pakati pa 1958 ndi 1963. Bwalo la milandu la ku New York linagamula mu 2011 kuti ntchitoyo inali yaganyu yolamulidwa ndi kulipiridwa ndi kampani, choncho mwini wake ndi kampaniyo. Bwalo la apilo linagwirizana nazo mu 2013. Banjalo linapita ku bwalo lalikulu, ndipo pa 26 Sepitembala 2014, patatsala masiku ochepa kuti oweruza akambirane ngati angaumve mlanduwo, mbali ziwirizo zinagwirizana kunja kwa bwalo. Ndalama zimene banjalo linalandira sizinaululidwe.

Funso la mwini wa munthu wojambulidwa si la ku America kokha. Owerenga nyuzipepala akale a m'dziko muno amakumbukira Pewani ndi Zabweka a Brian Hara komanso Joza wa Vic Kasinja, ndipo achinyamata a mu Blantyre amene lero akujambula makatuni pa kompyuta amagwira ntchito pansi pa lamulo la umwini wa zaluso la 2016. Kirby ankagwira ntchito zaka zimenezo popanda mgwirizano wolembedwa wonena za umwini, ndipo ndi pomwepo pamene maloya a mbali zonse anakanganirana patapita zaka makumi asanu.

Chiyambire mgwirizano wa 2014, mabuku a Marvel amalemba dzina la Kirby pambali pa la Lee ngati woyambitsa ngwazizo. Mu 2017, pokumbukira zaka 100 chibadwire, Disney inamuika m'gulu la akatswiri ake olemekezeka. Filimu ya The Fantastic Four: First Steps ya 2025 inaika nthano yake m'dziko lotchedwa Earth-828, nambala yotengedwa pa mwezi ndi tsiku limene Kirby anabadwa.